Kamakina pachifuwa cha Tamala

Monile mose, abale anga mwa Ambuye. Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale abusa athu. Ndi ya matenda a mdzukulu wanga Tamala, ndi zimene ndinakonzela akulu anga, a Yotamu.

Kale mwana wanga Eliya anagwa akuthamangitsa ng'ombe, ali ndi zaka khumi, osadzukanso. Sanadwalepo ngakhale tsiku limodzi. Pamalilo ndinaimilila n'kuloza a Yotamu chala kuti ndiwo amudya. Anthu anawagwetsela nyumba, iwo nathawila ku Kapichila. Mtima unkanditsutsa kuti ndinalibe umboni, koma ndinkautontholetsa.

Chaka chatha Tamala, wa giledi folo, anayamba kukomoka akamasewela. Kenaka ndinamva kuti a Yotamu anakumana naye pamsika pa Boma, n'kumugulila chitumbuwa. Ndinanola nkhwangwa. Pemphelo langa linali loipa: Mulungu, ndipatseni chizindikilo chimodzi chabe, ndikathane naye munthu ameneyu.

Kuchipatala kunabwela dokotala wa mtima, mayi wachitsikana. Anamata timawaya pachifuwa cha Tamala, tolumikiza ku kamakina kovala m'chiuno, kojambula kagundidwe ka mtima masiku awili. Anati mwana asasambe, ndipo wina azilemba m'kabuku nthawi ndi zochitika akamva chizungulile. Kabukuko ndinachita kulanda kwa mayi ake. Kulemba ndinaphunzila ndili ndi imvi kale, kusukulu ya akulu ya kutchalitchi, ndipo ndinati cholembela changa chigwila mfiti.

Choncho sindinkayang'ana mwana, ndinkayang'ana njila ya ku Kapichila. Tsiku lachiwili ndinalemba: "11:20, kamvuluvulu wachokela kwa a Yotamu, Tamala wakhala pansi."

Titabweza kamakina, dokotala anationetsa mizele pakompyuta. Pa 11:20 penipeni mizeleyo inali yosokonezeka. Ndinasangalala, abale, chisangalalo chauchiwanda. Ndinati umboni uja ndi uwu.

Koma dokotala anafunsa ine gogo wa mwanayo: "Asekulu, kamvuluvulu atabwela, mwana anatani?"

"Anathawa, kenaka n'kukhala pansi."

"Ndiye kuthamangako. Mtima wake ukafulumila umataya sitepe, sugunda bwino. Anabadwa nawo, ndipo matendawa amayenda m'magazi. Kodi kwanu kunafapo mwana mwadzidzidzi?"

Ndinatchula Eliya. Pomwepo ndinakumbukilanso Esitele, mwana wa a Yotamu, amene anagwa akuthamangila kusukulu atasamukila ku Kapichila. Malilo ake sindinapite. Ndinkauza anthu kuti mfiti yayamba kudya ake omwe.

"Ana onse a magazi amenewa abwele tiwapime," anatelo dokotala.

Tamala anapatsidwa mankhwala akumwa tsiku lililonse, ndipo mpaka lelo sanagwenso. Yewo, zikomo Ambuye. Ndinapempha chizindikilo choti ndiphele munthu, Inu munandipatsa choti mwana akhale ndi moyo. Inu amene mwana wanu akudwala, musatope kupemphela, musatopenso kupita kuchipatala, koma chala chanu chisungeni.

Titachoka kwa dokotala, m'mawa mwake ndinapalasa njinga kupita ku Kapichila. Ndinapeza a Yotamu akusankha fodya pakhonde, akalamba kuposa mmene ndinkaganizila. Sanandipatse mpando.

"Wabwela kudzagwetsa iyinso?"

Ndinagwada pafumbi, chipewa m'manja.

"Akulu, ndinakunamizilani. Munditukwane mmene mungafunile, koma adzukulu anu onse muwakonzekeletse. Lachisanu ndidzawatenga, tipite nawo kuchipatala."