Mafuta a m'mafupa a achimwene anga

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Zimene ndikuuzeni lero zinandichitikira m'zaka za m'ma 1990, ndili mbeta, ndikukhala pa fulati ku Thamesmead, kuno kudziko la azungu, nditangomaliza maphunziro. Mafupa anga anasiya kupanga magazi, ndipo ndinatsala pang'ono kupita.

Zinayamba ngati zamasewera. Ndikangogunda pampando wa basi, pamwendo pankada bii. Potsuka mano nkhama zinkatuluka magazi, chimfine osatha. Ine ndi kuuma mutu kwangaku ndinkangoti ndi kuzizira kwa kuno, mpaka ndinagwa pa siteji ya basi masanasana.

Kuchipatala dokotala wamkazi anandijambulira papepala. Anati m'kati mwa mafupa muli mafuta, ndipo m'mafutamo muli timaselo tambewu timene timabereka magazi onse, kuphatikizapo asilikali oteteza thupi. Asilikali ena amatuluka m'fupa atakonzeka kale kudya tizilombo. Ena amayamba apita pa kachiwalo kena kuseri kwa fupa la pachifuwa, kukaphunzira kusiyanitsa mwini thupi ndi mlendo. Kenako anandionetsa chithunzi cha mafuta anga. Munali mabowo okhaokha, ngati chisa chimene njuchi zinathawamo. Ndinkayenda, ndinkalankhula, koma m'kati munalibe woteteza.

Mankhwala ake anali amodzi: kupeza m'bale amene mafuta ake akufanana ndi anga, apatuleko pang'ono andipatse. Ndinalemba kalata kwathu ku Phalombe. Mwa ana anayi amene tinabadwa, amene anavomera kukayezetsa ndi achimwene anga aakulu okha, a Gelesomu, kalipentala wosayankhulayankhula. Anawatenga magazi mumzinda, timabotolo tinakwera ndege, ndipo zotsatira zinati tikufanana.

Ndisanamalize kusangalala, kunabwera kalata ya amayi. Mudzi wonse unali utamva kuti magazi a Gelesomu apita kwa azungu m'botolo, ndipo tsopano akufunanso za m'mafupa. Kwathu nkhani za anamapopa si nthano, anthu amagona panja chifukwa cha zimenezo. Anthu ankati mwana uja wakhalitsa kunja, akufuna akhwimire mlongo wake. Amayi analemba kuti, "Mwana wanga, ngati ndi chuma ukufuna, tenga ine ndakalamba kale. Gelesomu ali ndi ana."

Ndinakwiya, ndisaname. Ndinaing'amba kalatayo. Ine ndikufa, amayi ondibereka akundiyesa mfiti. Pemphero limene ndinapemphera tsiku limenelo linali lamwano, ndinangoti, "Ambuye, ngati abale anga andikana, munditenge msanga, ndatopa."

Nthawi imeneyo anali atandiika m'kachipinda kandekha. Aliyense wolowa ankasamba m'manja, kuvala magolovesi ndi chophimba kukamwa, moti kwa milungu yambiri ndinkangoona maso a anthu. Maluwa ankakanizidwa, chipatso chosaphika ayi. Anandiuza kuti ngakhale tizilombo ta m'kamwa mwanga momwe tingathe kundipha. Masana kunkakhala zii, kumangomveka makina opopa mpweya. Ndinayamba kuopa manja anga.

Patapita milungu ingapo, kunabwera uthenga wa mawu ochepa: achimwene akubwera. Abale a kutchalitchi anathamanga ndi za ulendo, ndipo Mai Zulu, mayi wa ku Chipata amene tinkapemphera naye, anawasunga kwawo ku Lewisham. Tsiku loyamba achimwene anaima kuseri kwa galasi la kachipinda kanga atavala jekete yobwereka. Ndinawakwezera dzanja. Iwo sanamwetulire. Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati munthu amene sakumudziwa, kenako anagwedeza mutu pang'ono n'kutembenuka. Ndinaganiza kuti ndi kutopa kwa ndege.

Madokotala anawafotokozera zonse, Mai Zulu akumasulira: adzawagoneka tulo, adzatenga mafuta pang'ono m'mafupa a m'chiuno ndi jakisoni, ndipo thupi lidzabwezeretsa lokha. Chilichonse iwo ankangoti, "Chabwino." Sanafunse funso ngakhale limodzi, mpaka dokotala anawayamikira kuti ndi munthu wolimba mtima.

Ine anandipatsa mankhwala opha timaselo tanga tonse totsala, kuti maselo a achimwene apeze malo. Kenako nesi anabwera ndi kathumba kofiira ka mafuta a achimwene, nakakoloweka pa dilipi. Ndinkayang'ana achimwene anga akutsika m'kapaipi dontho limodzilimodzi. Palibe amene anawalozera njira maselowo, koma madokotala anati adzayenda okha mpaka akapeze mafupa.

Kudikira kunali kowawa kuposa matenda. M'mawa uliwonse ankanditenga magazi, masana nesi n'kubwera kudzapukusa mutu kuti asilikali sanaonekebe. Panalinso mantha ena: asilikali a achimwene akanatha kudzuka n'kuona thupi langa ngati mdani, n'kuyamba kundidya khungu ndi matumbo. Ndikakumbukira kalata ija, ndinkati nanga alekeranji, magazi akwathu andikana kale. Mlungu wachitatu uli pakati, nesi analowa maso akuseka. Asilikali anali ochepa, koma anali atabadwa. Ndipo sanandiukire.

Nditayamba kukhala tsonga, Mai Zulu anabwera okha. Anakhala pampando, manja ali pamiyendo, nati, "Mwana wanga, nifuna nikuuze chinthu. Usakalipe." Anati tsiku la opaleshoni achimwene anawasiyira kachikwama, n'kuwauza kuti atsegule madzulo. Munali nsalu yoyera yatsopano, yopindidwa bwino, ndi kapepala. Pakapepalapo analemba kuti ngati n'kotheka mtembo ubwerere kwawo, ngati n'kosatheka awaike mutu utaloza kumudzi, ndipo zipangizo zawo za ukalipentala asagulitse mpaka ana akule. Mai Zulu anati achimwene atadzuka ku tulo tija, anayamba adzigwiragwira miyendo, kenako anafunsa ngati akadali padziko lino lapansi.

Abale anga, munthu uja sanakhulupirire madokotala ngakhale pang'ono. Zimene ankanena kumudzi, iyenso ankazikhulupirira. Anatsanzika mkazi wake, anagula nsalu yake yomwe, n'kukwera ndege koyamba m'moyo wake akudziwa kuti akupita kukaphedwa ndi ine.

Atawalola kulowa, ndinawafunsa ndikulira kuti, "Achimwene, ngati munkaganiza choncho, munabwereranji?"

Anayang'ana magolovesi ali m'manja mwawo. "Achemwali, ndinaganiza masiku ambiri. Ndinati ngati mwanayu wafika pofuna moyo wanga, ndiye kuti zamuthina kwambiri kumeneko, ndipo ali yekha."

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero lamwano lija ndi chifundo. Ndikuthokoza madokotala, Mai Zulu, ngakhalenso amayi, amene tinakhululukirana asanatisiye. Inu amene mwagona m'chipatala lero ndipo mukuona ngati abale akutayani, musafulumire kuweruza, ndipo musasiye kupemphera ngakhale mawu atakhala oipa. Ine ndinkapempha munthu wondimvetsa. Ambuye ananditumizira munthu amene sanandimvetse konse, amene ankandiopa, koma anabwerabe.