Tsiku Limene Chitsime Changa Chinabiriwira

Moni nonse m'dzina la Ambuye, a kuno ku Kanyama ndi inu amene mukuwerenga muli kutali. Ine ndine mai Mwale, wamasiye wa kuseri kwa msika, yemwe ena mumandidziwa ndi kulongolola. Lero sindikulongolola ayi. Ndikufuna ndikuuzeni za mdzukulu wanga Thandiwe, amene chaka chatha anatsala pang'ono kutisiya chifukwa cha matenda otsegula m'mimba, ndi mmene Mulungu anamubwezera m'manja mwanga.

Kuti mumvetse bwino, ndiyambire kuphiri. Tili achinyamata, malemu amuna anga a Mwale anali dalaivala wa gulu la anthu ofufuza za madzi, miyala ndi zomera. Mvula ikatha ankawatengera ku mapiri a Mafinga, kumene mtsinje wa Luangwa umayambira, ndipo ine anandilemba ntchito yophika. Galimoto tinkaisiya m'munsi n'kukwera wapansi, katundu ali kumutu. Kumwamba kuja kunali kuzizira kolowa m'mafupa, ndipo nkhungu inkabwera masanasana n'kukubisira mnzako amene waima naye pafupi. Nyemba ndinkaziteleka m'mawa, dzuwa n'kupendeka zidakali gwa. Ndinkakalipira mphika mpaka mtsikana wina wa ku yunivesite, dzina lake Mutinta, anandifotokozera kuti pamalo okwera chotero madzi amawira asanatenthe mokwanira. Ndinamuyankha kuti apite akauze nyembazo, osati ine. Kuyambira tsiku limenelo anakhala ngati mng'ono wanga, ndipo ankagona m'bulangete langa chifukwa lake linali lopyapyala.

Anthu aja ankagwira ntchito yoseketsa m'maso mwanga. Ankayeza kuthamanga kwa timitsinje, kuswa miyala, kusuzumira achule m'madambo, ndi kutunga madzi m'timabotolo. Asanadzaze botolo ankayamba alitsukuluza ndi madzi a pomwepo, n'kuwataya kumbuyo kwawo, kenako n'kutunga. Pafupi ndi msasa wathu panali kasupe wotuluka mumng'alu wa thanthwe. Abale anga, madzi ngati aja sindinawamwenso. Anali oyera mbee, ozizira mpaka mano kuwawa, ndipo a Mwale ankakonda kunena kuti madzi otuluka m'mwala sadwalitsa munthu. Zaka zimenezo ndi zimene ndinasangalala kwambiri pamoyo wanga, ndipo mpaka lero ndimazisowa.

Ntchito ija itatha tinapeza kapoloti kuno ku Kanyama. Nthawi imeneyo mipopi kunalibe, choncho a Mwale anakumba chitsime pabwalo. Sanapite pansi kwenikweni, anagunda mwala, ndipo mumng'alu wa mwalawo munatuluka madzi oyera ndi ozizira. Anandiitana ali m'dzenje momwemo, matope mpaka m'khutu, akuseka ngati mwana. Anati, "Amake Grace, phiri latitsatira." Pamlomo pa chitsimecho anamangirirapo mwala woyera umene anabwera nawo kuchokera ku Mafinga. Atamwalira, chitsime chija ndicho chinatsala. M'mawa uliwonse ndikamakoka chingwe ndinkamva ngati ndawapatsa moni. Anthu atamanga kiyosiki yogulitsira madzi kumsewu, ine ndinakana kupondako. Ndinkati madzi onunkha mankhwala amwe okha, ine ndili ndi a m'mwala.

Chaka chatha mwana wanga Grace anapeza ntchito ku Kitwe, ndipo anandisiyira Thandiwe ali ndi zaka zinayi. Mvula itangoyamba mwana anayamba kutsegula m'mimba. Kukiliniki ankamupatsa mankhwala, n'kuchira, tikabwerera kunyumba n'kuyambiranso. Anamwino akandifunsa za madzi ndinkawayankha mokalipa kuti madzi anga ndi oyera kuposa a wina aliyense m'komboni muno, ndipo ndinkanena ndi mtima wonse. Ngakhale madzi a moyo aja, a mchere ndi shuga, ndinkamusungunulira ndi madzi a pachitsime pomwepo. Mwana anaonda, maso analowa m'kati, miyendo n'kutsala ngati timitengo. Anasiya kusewera. Anasiya ngakhale kulira, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa koposa. Anthu anayamba kunong'ona kuti pali dzanja la munthu, inenso ndinayamba kuyang'ana anansi anga ndi diso loipa.

Ulendo womaliza anamugoneka kukiliniki ndi diripi. Grace ankaimba foni akulira, akufunsa ngati akwere basi. Ndinakhala pabenchi panja ndipo ndinapemphera mwaukali, sindikubisirani. Ndinati, Ambuye, munanditengera mwamuna ndipo sindinakufunseni kanthu, koma mwana uyu ndi wa mwini, anangondisungitsa. Ndionetseni mdani wake, ndimuone ndi maso angawa. M'mutu mwanga ndinkayembekezera nkhope ya munthu.

Mawa lake ndikupita kunyumba kukatenga zovala za mwana, ndinaona anthu ovala zipewa ataima pachitsime cha nyumba ina. Mayi wina wa imvi m'mbali anatunga madzi m'kabotolo, anatsukuluza, n'kuwataya kumbuyo kwake. Miyendo yanga inaima yokha. Ndinamuyang'anitsitsa, iyenso anandiyang'ana, kenako anavula magalasi.

"Ba mai Mwale, ni imwe?" anatero. "Nyemba zija zinapsa?"

Anali Mutinta. Tsopano anali dokotala wa za madzi, ndipo gulu lake linkayeza zitsime za m'komboni. Tinakumbatirana pamsewu, ine ndikulira ndiponso ndikuseka. Nditamuuza za Thandiwe nkhope yake inasintha, ndipo anandifunsa kumene timatunga madzi. Ndinamutengera kunyumba monyadira, ndinamuonetsa mwala woyera uja, ndinamutungira kapu kuti alawe Mafinga. Kapuyo anailandira ndi manja awiri, koma sanamwe. Zinandipweteka kwambiri.

Anandikhazika pansi n'kundifunsa mofatsa kuti, "Amai, pamwamba pa kasupe uja wa kuphiri pankakhala ndani?" Ndinati palibe, udzu ndi mitambo basi. Anati, "Nanga pamwamba pa chitsime ichi?" Kenako anandifotokozera kuti mwala wa pansi pa Kanyama si wofanana ndi wa kuphiri. Uwu ndi wobookabooka ngati chulu cha chiswe, ndipo madzi amangodutsamo osasefeka, atanyamula chilichonse chimene akumana nacho, ngakhale zonyansa za m'zimbudzi. Ine ndinauma mutu. Ndinamuuza kuti amuna anga sanali chitsiru, ndipo kuti ine ndamwa madziwa zaka zonsezi osagwa. Anati thupi langa linazolowera, koma la mwana silingathe.

Ataona kuti sindikumva, anandikumbutsa za ufa wobiriwira umene ankalondolera nawo madzi ku Mafinga. Kuphiri kunali kamtsinje kamene kankalowa pansi pa miyala n'kusowa, ndipo iwo ankathira ufawo polowera, ife n'kukadikira kumunsi kuti tione kumene madzi atulukire. Anatumiza munthu kugalimoto, anabwera nawo, ndipo anauthira m'chimbudzi changa cha kukona kwa mpanda pamodzi ndi ndowa za madzi. Anandilonjezetsa kuti mpaka tione zotsatira, Thandiwe asalawe dontho la pachitsime. Ndinavomera mongofuna kuti ndidzamuseke.

Sipanapite masiku ambiri. M'mawa wina ndinaponya ndowa monga mwa masiku onse, ndinakoka, ndipo madzi anatuluka obiriwira ngati msipu wa mvula yoyamba. Ndinakhala pansi m'matope momwemo. Ndinali nditapempha kuti ndimuone mdani ndi maso, ndipo ndinamuona, ali m'ndowa yanga, atachokera m'chitsime chimene mwamuna wanga anakumba ndi chikondi. Ndinalira kwambiri kuposa tsiku la maliro awo.

Thandiwe atatuluka kukiliniki anayamba kumwa madzi a kukiyosiki okha, ndipo matenda sanabwererenso. Patapita milungu ingapo anayamba kudya ngati wobwezera, masaya anabwerera, ndipo tsiku lina ndinamumva akukangana ndi ana a anansi anga omwe aja ndinkawaganizira zoipa. Anansiwo ndiwo anandithandiza kukwirira chitsime. Amuna ankathira miyala ndi dothi, ine nditaima pambali. Mutinta anabwera, ndipo ndiye anagumula mwala woyera uja pamlomo ndi kanyundo kake ka kuphiri, n'kundipatsa m'manja.

Ndikuyamika Mulungu amene anasunga ubale wa bulangete limodzi zaka zonsezo, n'kuubweretsa pamsewu wa ku Kanyama tsiku limene ndinaufuna. Inu amene muli pabenchi ya kukiliniki lero, musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lanu lituluke mwaukali ngati langa. Koma yankho likabwera mulilandire, ngakhale litakulandani chinthu chimene mumachikonda. Ndipo anzanga a zitsime za pabwalo, kuyera kwa madzi kusakunamizeni.

Mwala uja tsopano umatsindira chivundikiro cha ndowa ya madzi akumwa. Madziwo ndi ofunda, amanunkha mankhwala, ndipo sindidzanama kuti amakoma. Pabwalo pamene panali chitsime ndimadutsabe mozungulira, sindinayambe ndapondapo. Koma Thandiwe amadumphapo chingwe madzulo aliwonse, ndipo akatopa amathamangira m'nyumba, amasuntha mwala wa agogo ake, amatunga kapu, amamwa, yotsalayo n'kundibweretsera. Ine ndimailandira ndi manja awiri, ndipo ndimamwa yonse.