Batani la Sipika Linandiyalutsa

Achimwene apawailesi, ku Mabopane konse palibe wondiposa pa malonda a mafoni. Funsani aliyense.

Mkazi wanga amalandira alendo pa ofesi ina ku Gezina. Atayamba kumangomwetulira yekha, nsanje inandigwira. Tsiku lina nditakamuona, anatuluka kukatenga tiyi. Ndinadina msanga batani loimbanso nambala yomaliza pa foni ya patebulo pake, chala n'kugundanso sipika.

"Alamu!" mawu a mwamuna anamveka ofesi yonse. "Foni yanu yatsopano ija yafika. Musawauze akunyumba, paja mitengo yawo ndi yoboola m'thumba."

Anali mnzanga wogulitsanso mafoni, woyandikana naye benchi pamsika. Mkazi wanga anaima pakhomo, kapu m'manja, akundiyang'ana.

Eish! Chibwenzi panalibe, koma mnzangayo anandilanda kasitomala amene ndimagona naye nyumba imodzi. Omvera anzanga, pamenepa anapambana ndani?