Nyumba ya Chikumbutso ya Bambo Drozdik, Amene Ali Pano

Olemekezeka Mayi Rybak, oyang'anira za chikhalidwe m'boma lino. Olemekezeka abambo mfumu a tchalitchi chathu. Olemekezeka aphunzitsi ndi alimi anzanga a mbatatesi. Komanso olemekezeka malemu Bambo Apanas Drozdik, mlakatuli ndi womasulira mabuku, amene akhala kutsogoloku atavala chipewa.

Ine Mikita, woyendetsa thirakitala wopuma ntchito, ndaima pano m'malo mwa akuluakulu amene galimoto yawo yatitimira m'matope.

Malemuwa ndinakhala nawo pabenchi limodzi kusukulu, mpaka pamene ine ndinaona kuti ndaphunzira mokwanira. Iwo anapitirira, nalemba ndakatulo za madambo athu, namasulira alakatuli a mitundu ina. Chaka china anandimasulira buku la malangizo a thirakitala kuchokera m'Chijeremani, ndipo analimasulira mokoma kwambiri moti pa tsamba la mafuta ndinagwetsa misozi. Thirakitalayo sinalirenso, koma mawu ake ndikali nawo mumtima.

Olemekezeka, tonse tikudziwa kuti dokowe sasiya denga la munthu wamoyo. Chisanu chitatha, madokowe anabwerera pa madenga onse, kupatula ili. Tinagogoda, zii. Tinalira, tinaphika chakudya cha maliro, tinasema mwala wolembapo chaka chawo chobadwa ndi chomwalira, ndipo boma linavomereza kuti nyumbayi ikhale yachikumbutso. Sitinadziwe kuti anangopita osatsanzika ku mapiri a dziko la Georgia, kukamasulira ndakatulo.

Lachiwiri lapitali anatulukira ndi chikwama, nandipeza ndikumanga chingwe kuzungulira ng'anjo yawo ya njerwa yotenthetsera nyumba, imene amagonapo m'chisanu. Anati, "Iwe Mikita, mutu ngati mbatatesi yowola, ukutani m'nyumba mwanga?" Ine ndinati, "Achimwene, pepani, lero sitinatsegule." Iwo anati, "Nanga ndigona kuti?" Funso limeneli, olemekezeka, ndi lalikulu, pakuti madzi ayamba kale kuundana m'zidebe, ndipo munthu wokalamba wopanda ng'anjo safika Khirisimasi.

Khalani pansi, Bambo Drozdik, ndikufika pomwepo.

Komiti ya nyumbayi inakhala pansi. Lamulo likuti m'nyumba yachikumbutso simugona munthu. Koma lamulo lomwelo likuti chilichonse chimene mlakatuli ankagwiritsa ntchito polemba chisungidwe pamalo pake, chisanyowe, chisazizidwe. Tsono ndinafunsa kuti: kodi malemuwa ankalemba ndi chiyani, ngati si dzanja ilo, mutu uwo, ndi msana uwo? Mayi Rybak anayang'ana kudenga nthawi yaitali, kenaka anasaina.

Choncho kuyambira lero Bambo Drozdik asungidwa pamwamba pa ng'anjo, kuseri kwa chingwe, ndipo nkhuni ndi za boma. Ana asukulu aziwaona koma osawakhudza. Akakutukwanani, musabwezere, imeneyo ndi mbiri yathu. Chaka chachiwiri cha pamwalapo tachiphimba ndi nsalu yopeta maluwa, ndipo tikuwapempha kuti asafulumire.

Mukuti chiyani, achimwene? Bulangete? Lili m'kabati ya galasi, kiyi ali ndi Mayi Rybak, mulemba kalata yopempha.

Tsopano, ndi mphamvu zimene matope andipatsa, ndikudula riboni iyi ndi kulengeza kuti nyumba ino yatsegulidwa mwalamulo. Anyamata, anyamuleni bwino, ndi katundu wa dziko. Kwerani, achimwene, tayatsa kale moto.

Zikomo kwambiri.