Mayi Esnart Nyakaonga, Mphunzitsi Amene Anateteza Ng'anjo ya Makolo

Malemu Mayi Esnart Nyakaonga anabadwa pa 9 Okutobala 1957 ku Wenya, achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Sukulu anayamba mu 1965, akumayenda pansi mtunda wautali opanda nsapato. Atakhoza mayeso a JC anapita ku koleji ya aphunzitsi, ndipo mu 1978 boma linawatumiza kuno ku Chisenga. Chaka chotsatira anamanga ukwati woyera ndi Bambo Sosten Silungwe.

Mu Januwale 1986, akuzula bowa m'thengo m'munsi mwa mapiri a Mafinga, anaona chinthu chonga chulu, koma chozungulira bwino, chotalika kuposa munthu, chopsa m'kati, chili ndi timakomo pansi. Bowa uja anamutaya pomwepo. Anafika kunyumba ali wefuwefu, moti Bambo Silungwe anatola nkhwangwa poganiza kuti akuthawa chilombo. Sichinali chilombo. Anapeza ng'anjo, mmene makolo athu ankasungunuliramo miyala kuti apeze chitsulo cha makasu.

Chimwemwe chawo chinali ndi chifukwa. Chaka ndi chaka ankaphunzitsa ana za mapiramidi a ku Iguputo ndi makoma a miyala a ku Zimbabwe, zonse zakutali. Apa anakhudza ndi manja chomanga cha anthu akwathu. Mlungu womwewo anatsogolera kalasi yonse kuthengo kuja, nyimbo ili pakamwa. Kenaka anayamba kuyenda mudzi ndi mudzi kufunsa achikulire mayina a zomanga zamakedzana. Ambiri tili pano tinamva kwa iwo kuti linga ndi mpanda wa mitengo umene unkatchinga mudzi nthawi ya nkhondo, kuti mzati umaima pakati pa nyumba kusenza denga pamene nsanamira zimazungulira khonde, ndi kuti mphuthu ndi mitengo ya pakhomo yogwira chitseko. Wosokoneza mzati ndi nsanamira ankamuimika pakati pa kalasi, manja m'mwamba, akhale mzati mwini wake mpaka amvetse. Woyamba kufa ndi phwete anali mphunzitsi yemweyo.

Mu 2009 ng'anjo ija inatsala pang'ono kugwetsedwa. Malowo anapatsidwa kwa Bambo John Mbale, amene ali nafe pano ndipo atilola kuti tinene. Iwo anali ndi ana ambiri, munda wochepa, ndipo ng'anjo inaima pakati penipeni pa malo ofunika kulima. Atafika ndi piki m'mawa wina, anapeza mayi atayala mphasa patsinde pa ng'anjo, atavala yunifolomu yawo ya Umanyano, bungwe la amayi a mpingo. Mayiwo sanakalipe. Anangoti, "Adada, ana anu ayenera kudya, inenso ndikufuna zomwezo. Tengani dimba langa la kumtsinje, mundisiyire dothi lopsali."

Dimba limenelo ndilo linkadyetsa banja nthawi ya chilimwe, ndipo tisabise, kunyumba nkhaniyi sinalandiridwe ndi manja awiri. Chaka chimenecho ndiwo zamasamba zinali zopempha kwa anansi. Koma ng'anjo ilipo mpaka lero, ndipo amene amalambula njira yopita kumeneko ndi Bambo Mbale omwewo, osatumidwa ndi munthu.

Atapuma pa ntchito mu 2017, ena tinkati tsopano akhala pansi. Ayi ndithu! Anamanga pafupi ndi sukulu nyumba yozungulira ya makolo, yopanda msomali, yomanga ndi luzi, yophoma ndi dothi. Mvula yoyamba inaigwetsa. Anaseka mpaka misozi, n'kunena kuti tsopano amvetsa chimene achikulire ankanenera kuti mzati uzikidwe mozama. Yachiwiri sinagwedere. Ana a sukulu ochokera ku Wenya, ngakhale ku Misuku, akhala akubwera kudzalowamo ndi kutchula mtengo uliwonse dzina lake.

Mu Meyi 2024 anayamba kudandaula za mtima ndi kutupa kwa miyendo. Anagonekedwa kawiri pa chipatala cha Chitipa, kumene anamwino anawasamalira mwachikondi. Ambuye anawaitana pa 3 Ogasiti 2024, ali ndi zaka 66.

Asiya amuna awo, Bambo Silungwe. Ana atatu, Madalitso, Tracy ndi Oliver. Ndi zidzukulu zisanu ndi zinayi.

M'malo mwa banja, tikuthokoza madokotala ndi anamwino, abusa ndi mpingo wonse, amayi a Umanyano amene sanatisiye tokha, aphunzitsi anzawo, adzukulu okonza manda, ndi inu nonse mwayenda pansi kuchokera kutali. Yewo chomene. Inu amene mwamanga chisakasa takhalamo chino, tikudziwa kuti nonse munadutsa m'kalasi mwawo. Akanakhala moyo akanadzuka pampando n'kugwedeza nsanamira iliyonse. Ife tagwedeza m'malo mwawo, ndipo palibe yasuntha.

Pitani bwino, aphunzitsi. Mzimu wanu uuse mu mtendere.