Moni Anandikweza Phiri la M'chipululu

Omvera anzanga, ndine gogo wokhala ku Kitengela, kuno ku Nairobi. Ndabwerako ine, ndabwerako! Mpingo wathu unapita ku Israeli kukaona linga lakalekale pamwamba pa phiri la m'chipululu. Mwana wanga wamkazi, amene anandiitanitsa kuno kudzachiritsa bondo, anati, "Amayi, bondolo silikafika, kwerani kangolo kapachingwe kokweza anthu pamwamba."

Ndinakana, ndinamanga chitenje, n'kuyamba kukwera wapansi. Koma kwathu munthu sitimudutsa ngati mtengo. Ndikakumana ndi aliyense wotsika ndinkaima, n'kuwomba m'manja: "Mwadzuka bwanji?"

"Amayi, samva Chichewa awa!" anatero mwanayo, n'kutsogola mothamanga. Osadziwa kuti moniyo ndiye ankapumitsa bondo langa.

Chakumtunda ndinamupeza mwana uja atakhala pamwala, ali wefuwefu. Nayenso ndinamuwombera m'manja: "Mwaswera bwanji, mayi?"

Anaseka mpaka misozi. Ndinamugwira dzanja, tinalowa m'lingamo limodzi, ine nthungululu pakamwa!