Nyenyezi za M'mutu mwa Ng'ombe

Pa siteji ya minibasi ku Chinsapo, a Malizani ankadandaulira mayi wina wachilendo za ng'ombe yawo imene inafa dzana. Mayiyo anati amagwira ntchito yopima ziweto.

"Inkangotuluka dovu, madzi osameza. Ine ndinkati yatsamwa chitsononkho."

"Galu anailumapo?"

"Mwezi watha, pamphuno. Koma kabala kake kanapola."

"Chingakhale chiwewe chimenecho, abambo. Kachilombo kake kamakwera ndi mitsempha mpaka ku ubongo. M'menemo muli timaselo tooneka ngati nyenyezi, timene timadyetsa ubongo ndi kuusesa. Chiwewe chikafika timatupa, n'kuunjikana pamene pavulala."

"Nyenyezi m'mutu mwa ng'ombe? Yomweyi yokoka ngolo?"

"Ndinaziona ndi maso angawa pa makina okuza tinthu. Zosawerengeka."

"Ine zaka zonsezi kumangoikwapula, osadziwa chimene yasenza."

"Nanga chitsononkhocho munachipeza?"

"Ayi. Ndinapisa dzanja mpaka kukhosi, munalibe kanthu."

"Dzanja lake lamabalali?"

A Malizani anayang'ana zala zawo nthawi yaitali. Kondakitala ankaitanira minibasi ya m'tauni.

"Isiyeni ipite," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Dovu lija likakhudza bala, chiwewe chimalowa. Inu yanu ndi ya kuchipatala, lero lomwe."